Mbendera Yochedwa ya a Mphezi

Dzina loti a Mphezi anawapatsa ndi ochemerera mpira, ndipo silinali lachipongwe. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ankathamanga m'mphepete mwa bwalo atanyamula mbendera, kuthandiza oyimbira. Wosewera akangoba ofusayidi, dzanja lawo linkakhala litakwera kale anthu asanakuwe n'komwe. M'kati mwa sabata ankawotcherera zitsulo m'kashedi kuseri kwa msika, ndipo diso loonera ngati geti laima mowongoka ndi lomwelo ankayezera osewera.

Kenako kunabwera makina a kanema othandiza kuweruza mpira. Akuluakulu anawakhazika oyimbira onse m'kalasi ngati ana, n'kuwauza kuti ukaona ofusayidi usakweze msanga, dikira mpirawo ufike kumene ukupita, zotsala aweruze ndi a pakanema. Kwa achinyamata zinali zosavuta. Koma dzanja loti lakalamba likukwera lokha ungalilangize bwanji? Kawiri konse a Mphezi anakweza msanga, ndipo kachiwiriko kanema anaonetsa kuti wosewerayo sanalakwe. Kalata inabwera yonena kuti akalakwitsanso Loweruka, dzina lawo lichotsedwa pamndandanda.

Kutopa kokha anali atatopa. Mawondo ankalira akamakwera masitepe. Mikangano ya pawailesi, ena ati makinawo akonzedwe, ena ati angotayidwa, inkawagwetsa ulesi, poti munthu aliyense ndi katswiri akakhala pampando. Koma kuchoka mochita kupirikitsidwa ndiye sankafuna.

"Bambo, ingosiyani," anatero akazi awo akusita yunifolomu. "Ulemu munaupeza kale. Mukufunanso chiyani?"

"Mayi, ndidzasiya ndekha. Asandisiyitse ndi kanema ayi."

"Ndiye dzanjalo tilimangirire m'chiunomo?"

Anaseka onse awiri, koma sabata yonseyo a Mphezi ankayeserera m'kashedi muja, kuwerenga mpaka kasanu asanakweze hamala.

Loweruka linafika, dzuwa likuswa mtengo. Chigawo chachiwiri chili m'kati, mpira wautali unaponyedwa kutsogolo. Womwetsa zigoli anali atapitirira otchinga kumbuyo ndi sitepe yathunthu, moti ngakhale wogulitsa madzi anaona. Phewa la a Mphezi linadzuka lokha, iwo n'kukanikiza mbendera pantchafu, mano ataluma. Anathamanga nawo mpirawo monga anawaphunzitsira. Goloboyi, poona kuti mbendera ili pansi, anatuluka ndi liwiro lake lonse n'kudziponya kumapazi kwa womwetsa zigoli uja. Kuthyoka kwa fupa a Mphezi anakumva ali pamzere pomwepo. Apo m'pamene anakweza mbendera, ndipo a pakanema anavomereza kuti inalidi ofusayidi.

M'chipinda chovalira, woyang'anira oyimbira anawagwira chanza. "Mwaonatu kuti mukhoza, akuluakulu? Lero ndiye mwatsata ndondomeko." Dzina lawo linatsala pamndandanda. A Mphezi anakhala pabenchi nthawi yaitali, nsapato imodzi ili m'manja. Ankayembekeza kuti asangalala, koma mtima unkangowawa.

Lolemba anatseka kashedi masana n'kupita kuchipatala. Goloboyi uja anali chagada, mwendo uli m'chikhakha, mayi ake atakhala pambali akumukupiza ndi chikatoni.

"A Mphezi! Mwabweradi?" anatero akuyesa kudzuka. "Adokotala akuti zoti ndidzaseweranso sangalonjeze. Komatu ine sindikukuimbani mlandu. Anzanga ndawauza kuti mdala uja maso ayamba kuchita chidima, sanaone basi. Akanaona, mbendera ikanakwera kalekale. Ine ndakula ndikukuonerani, ndimakudziwani."

Pothawira panali pomwepo. Kungoti "eya, ukalamba," nkhani ikanatha, mayiwo akanawathokoza pobwera kudzazonda. A Mphezi anayang'ana zala za mwendo wothyokawo, zotupa, zitasuzumira kunja kwa chikhakha.

"Mwana wanga, ndinaona," anatero. "Ndinaona bwinobwino, mpira ukungochoka paphazi."

Mayi aja anasiya kukupiza. Goloboyi anawayang'ana kwa kanthawi, osakwiya, kungodabwa chabe.

"Nanga munkadikira chiyani?"

A Mphezi anaganiza zofotokoza za ndondomeko. Ankaidziwa yonse pamtima, koma pambali pa bedi limenelo anaona kuti singathe kulumikiza fupa.