Mwala wa m'beseni

Mayi akunyumba amaphunzitsa sayansi kupulayimale, ndiye khonde lathu ku Mtiya silikhala la anthu okha. Sabata ino panali beseni la ambululu amene anakatunga kumtsinje wa Mulunguzi, ndi botolo la mbozi imene inali itadzikulunga m'chikwa. Akuti ana a sitandade 6 adzaone okha kusiyana kwa kakulidwe ka chule ndi ka gulugufe.

Ine ndinalibe nazo ntchito. Mtima wanga unali pachitseko cha mwana wathu Tadala, amene anamuchotsa kukoleji mayeso atamuvuta. Chibwerereni ndi chikwama chake, anangolowa m'chipinda n'kudzitsekera. Chakudya timasiya pakhomo, mbale n'kubwerera theka. Ndinkaopa kuti mwanayu tikumutaya tikuona.

Achibale onse analangiza chimodzi: msiyeni, zitha zokha. Mayi ake nawo anandilozera botolo lija, akuti chikwa sagwiragwira, mbozi imasintha yokha mumdima, tsiku lake likakwana imatuluka ndi mapiko. Ndinavomera msanga, pajatu langizo loti usachite kanthu limakoma kulimva.

Lachinayi m'mawa ndinapeza kambululu kamodzi kali gada, kakufa. Kanali katamera kale miyendo yonse inayi, mchira utatsala pang'ono. Ndinadandaula mokweza kuti madzi ndi abwino, chakudya chilimo, nanga kafa ndi chiyani?

Zenera la kuchipinda linatseguka pang'ono.

"Adadi, kamira ako. Akamera miyendo amayamba kupuma mpweya. Beseni ndi loterera, alibe pokwera. Ikanimo mwala."

Chule kumira m'madzi! Mawu oyamba a mwana wanga pa masabata onsewa, ndipo anandilasa pamtima.

Mbozi ndi mbululu zonse zimasintha thupi, koma sizifuna chisamaliro chofanana. Mbozi imadzimangira nyumba, inu ntchito yanu n'kungochotsa manja. Mbululu alibe kobisala. Amasintha anthu akuona, sali nsomba sali chule, ndipo madzi omwe anamulera ndi amene amamumiza ngati palibe potulukira.

Ife Amalawi aliyense wosweka mtima timamuyesa mbozi. Wachotsedwa ntchito? Msiyeni. Banja latha? Apume kaye. Timati ndi ulemu, koma nthawi zambiri ndi mantha athu, sitidziwa choti tikanene tikalowa. Akuluakulu anati chetechete sautsa nyama. Ndi angati m'matauni mwathumu amene akuzungulira m'beseni loterera, ife tili panja kudikira mapiko?

Sindikuti tizithyola zitseko. Ena ndi mbozi ndithu. Koma mudziwa bwanji musanafunse?

Ndinauza Tadala pazenera pomwepo kuti ine miyala ya achule sindiidziwa, ndingatole woterera n'kupha otsalawo. Kenako ndinamva loko akulira.

Anatuluka atafunda chitenje cha mayi ake, maso akuthawa dzuwa, ataonda moti ndinayang'ana kumbali. Tinazungulira kuseri kwa nyumba limodzi. Anakana miyala iwiri imene ndinatola, n'kusankha wake wokhakhala, wotsetsereka mbali imodzi. Za koleji sitinakambe. Anangofunsa ngati tiyi watsala.

Dzulo kachule kamodzi kanali pamwamba pa mwalawo, kamchira kakadali kumbuyo. Chikwa chija sichinatseguke, ndipo palibe akuchigwira.

Nanga inu, amene wadzitsekera kwanuko, mwamuikira mwala?