Mervin ndi Belo la Maphini

Amene munapondako pamsika wa Tsoka ku Lilongwe zaka za m'mbuyomo mwina mukumukumbukira mnyamata wina wamtali ngati mlongoti wa mbendera, amene ankaimirira pamwamba pa mulu wa zovala, buluku m'manja, mawu ali pamwambamwamba. Ameneyo ndiye Mervin Chikaonda. Anakulira mu kaunjika. Mayi ake ankaoda mabelo, iye n'kumadula mawaya ake. Amati jekete yafeki ankaidziwa asanaikhudze. Wonena zimenezi ndi mwini wake, mboni palibe.

Sukulu ndi imene inamubweretsa ku America, ku South Bend, kwa malume ake a Alufeyo, amene anamusunga m'chipinda chapansi zaka zitatu osamuwerengera mbale. Za digiriyo musamufunse pagulu. Lero amakhala ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis, ndi mkazi wake Tusekele ndi kamwana kawo Shalom, ndipo ntchito yake ndi kukankha mabedi a odwala pachipatala china chachikulu mkati mwa Indianapolis. Kumudzi amangodziwa kuti ndi "wa zachipatala", iyenso sanaone chifukwa chowakonzera.

Matenda a maphini anawatengera kuchipatala komweko. Manesi amakoloweka makadi awo a ntchito pachingwe cha m'khosi, ndipo pachingwepo amabayapo timabaji tachitsulo tonyezimira ngati switi yonyambitidwa: tinyama ta m'makatuni, tinyumba, timagalimoto. Sagulitsana ayi, amasinthana. Ina imakhala yosowa moti munthu amaisaka zaka. Mervin ataona akuluakulu andevu akuchita malonda m'khonde la chipatala, magazi a pa Tsoka anawira.

Tsiku lina akuskrola foni pasofa anadumpha ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Tuse! Tabwera udzaone belo!"

"Belo lanji ku America kuno, a bambo a Shalom?"

"Maphini handiredi pamtengo wa atatu a m'sitolo! Anthu akunowa ndi ogona, amagula imodziimodzi ngati mandasi. Katundu amaodedwa pa belo, mayi."

Chithunzi chinali chimodzi chokha, chojambulidwa patali. Kumbuyo kwa maphiniwo sanaonetse. Wogulitsayo analibe ndi mmodzi yemwe womuchitira umboni pansi pa dzina lake. Koma ndani anasuzumirapo m'belo asanagule? Belo ndi mwayi, umaliona mkati utadula waya. Mervin anaoda.

Patatha milungu itatu katundu anafika, phini iliyonse m'kapepala kake ka pulasitiki. Munthu wamkulu anayala chitenje cha mkazi wake pabalaza, n'kukhala chotambalala, kusankha monga anaphunzirira kwa mayi ake: apa za giredi wani, apa zapakati, apa za mulu. Anaimba mluzu mpaka ndiwo kuzizira.

Mlungu umenewo anasinthana ndi aliyense wovala chingwe. Koma nsomba yaikulu anali a Gray, mlonda wa pakhomo la chipatala, mkulu wa ku Beech Grove wa ndevu zoyera mbuu, amene ankamusungira Mervin khofi m'mawa uliwonse. A Gray asonkhanitsa maphini kwa zaka makumi awiri, ndipo pa tsiku lalikulu losinthana, limene limachitikira m'holo ya misonkhano ya mkati mwa tauni, amakhala ndi tebulo lawolawo. Ataona maphini asanu pachingwe cha Mervin anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Asanu awa ndawasaka zaka zinayi," anatero m'Chingerezi chawo chokoka. Anapisa m'thumba n'kutulutsa phini yamkuwa, yolemera, ya mpikisano wa magalimoto wa chaka cha 1971. "Ndili nazo ziwiri, yanga ndi ya malemu bambo anga. Iyi ndi yanga. Kwa wina sindikanapereka."

Mervin anafika kunyumba akuvina. Ndiye poti analeredwa bwino, anakumbukira kuti nyama yoyamba mlenje sadya yekha. Lamlungu anadraiva mpaka ku South Bend, n'kukapereka phini ija ndi manja awiri kwa malume. A Alufeyo anaibaya pa jekete yawo ya kutchalitchi nthawi yomweyo, n'kudziyang'ana pagalasi kumanja ndi kumanzere.

Zinthu zinavunda Lachisanu masana, mu lifiti. Analowamo Tiffany, nesi wa ku wodi ya ana, mayi wosaseka ndi feki. Anayang'ana pachifuwa pa Mervin, n'kutambasula dzanja.

"Tandibwereke imodzi."

Anaiyesa kulemera pachikhatho. Anazula yake ina, n'kumuika Mervin zonse ziwiri m'manja. Ya Tiffany inali ndi thupi, ya Mervin ngati chitsekerero cha botolo.

"Yendetsa chala m'mphepete. Ikukanda, eti? Yeniyeni ndi yosalala. Ona utoto, walowa pansi ngati chithaphwi, ndipo galuyu maso ake ndi obiriwira pomwe amayenera kukhala akuda. Tembenuza. Timizere ta kumbuyoku pa yeniyeni timafika mpaka kumapeto, apa talekezera panjira. Tsopano nunkhiza."

Inanunkha oyilo wa makina. Mphuno yotchuka ya pa Tsoka inagwira ntchito, koma mochedwa ndi milungu iwiri.

"Wagula mulu pa intaneti, si choncho? Aliyense wogulitsa handiredi pamtengo wa atatu akugulitsa zinyalala. Wapatsako ndani?"

"A Gray. Asanu."

Tiffany anagwira pakamwa. "Mawa ndi tsiku losinthana lija, teni koloko ali patebulo lawo. Maso awo aja atha, sangazindikire. Akangopatsa munthu feki imodzi m'holo muja, dzina lawo la zaka makumi awiri latha. Patebulo pawo sipadzaimanso munthu."

A Gray anali pa ofu, ndipo nambala yawo Mervin analibe. Njira inali imodzi, kukawapeza kuholo teni isanakwane. Koma ungapite kwa munthu kukanena kuti "ndinakupatsani zinyalala" chinthu chake chenicheni utasiya pa jekete ya wina? Ndiye ayambe wakaitenga phini ija kwa malume. Apa ndi pamene thukuta linatulukira, chifukwa a Alufeyo ndi a Sabata osasunthika. Dzuwa la Lachisanu likangolowa, nkhani ya katundu m'nyumba mwawo siyankhulidwa mpaka mawa lake madzulo. Unali mwezi wa Novembala, dzuwa lolowa hafu faifi isanakwane.

Anapempha mnzake amugwirire shifiti, thu koloko ali kale pamsewu wopita kumpoto. Minda ya chimanga chokolola inkangodutsa vuu, vuu, dzuwa lili kumanzere kwake likutsika ngati latumidwa. Njira yonse ankayeseza mawu. Mphatso yoti wapereka kale kwa mkulu amailanda bwanji? Palibe amene anamuphunzitsa, chifukwa palibe amene anachitapo.

Anapaka galimoto itatsala pang'ono faifi. Koma kwa malume sulowa ndi nkhani kumutu. Anakhala pansi. Anafunsidwa za Tusekele. Anafunsidwa za Shalom, ngati wayamba kuyankha m'Chichewa. Anti Chrissie, akazi a malume, anabweretsa tiyi ndi masikono, n'kuyamba nkhani ya maliro a ku Ntcheu kuchokera pa chiyambi penipeni. Mervin ankangoti "ee, ee, zoonadi", diso lili pawindo. Jekete inali pa hang'ala pafupi ndi chitseko, yositasita, phini ikuwala pachifuwa.

"Mphwanga," anatero a Alufeyo, "windo langalo ukufuna kuligula?"

Mervin anatsetsereka pampando n'kugwada.

"Malume, ndalakwa. Phini ija... ndabwera kudzaipempha."

Anti Chrissie anaika kapu pansi. A Alufeyo anatsamira kumbuyo.

"Mayi, mwamva? Mphatso za ku Indianapolis zili ndi miyendo. Zimabwera Lamlungu, Lachisanu zibwerera kwawo. Sikono wadyayo nayenso tikamutsatire ku Lawrence?"

Mervin anafotokoza zonse, za belo, za a Gray, za mawa teni koloko. Anatulutsa feki imodzi m'thumba. Malume anaitembenuza, anainunkhiza, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, wobadwira pamulu wa kaunjika, wagula ichi? Mayi ako ndiwauze ine kapena uwauza wekha?"

"Malume, dzuwa."

"Ndikuliona. Ndinayamba kuliona iwe usanabadwe."

Anamwa tiyi wawo pang'onopang'ono mpaka kapu kuuma. Kuwala kutatsala kofiira pamadenga a tsidya la msewu, anadzuka, anazula phini ija, n'kumuika m'manja.

"Kabweze chinthu cha mwini. Koma Sabata ulitsegulira kuno, ndipo besi uimba ndiwe."

Anaimba besi. M'mawa kusanayere bwino anali kale pamsewu.

Mkati mwa tauni malo opaka galimoto anawapeza kutali, ndiye anathamanga misewu inayi, miyendo yaitali ija ikugwira ntchito yake. Pakhomo la holo panali mzere. Analowa teni itapitirira ndi mphindi zisanu. Matebulo mbwee, anthu ovala zingwe zolemera ngati ng'ombe za pangolo. A Gray anawaonera patali chifukwa cha ndevu. Maphini asanu aja anali pakati penipeni pa bolodi lawo, ndipo mayi wina anali atanyamula kale imodzi, dzanja lina akuzula yake yoti apereke.

"Imani!" anakuwa Mervin, Chingerezi chitamuthawa. Holo theka inatembenuka.

Anafika akupuma befu, n'kuika phini yamkuwa patebulo.

"A Gray, asanuwo ndi afeki. Ndinagula mulu pa intaneti. Sindinadziwe, koma ndinayenera kudziwa."

Mayi uja anabweza imene ananyamula ngati yotentha. A Gray anazula imodzi, anayendetsa chala m'mphepete, n'kuiyandikiza kumaso. Anazula yachiwiri. Onse asanu anawaika pamzere patsogolo pa Mervin, kenako anatola yamkuwa ija n'kuilowetsa m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

"Zaka zinayi," anatero. "Ndinauza ndi mkazi wanga yemwe kuti ndawapeza."

Mervin anangoyang'ana nsapato zake.

"Unangopatsa ine ndekha?"

"Ndi manesi khumi ndi mmodzi."

"Khumi ndi mmodzi!" A Gray anapukusa mutu, koma ndevu zinayamba kugwedezeka. "Iwe si munthu, ndiwe mliri. Lolemba uyambire pansi mpaka pamwamba, ubweze chilichonse chimene unatenga. Ine ndikhala pakhomo, sutuluka usanamalize." Anakoka mpando ndi phazi. "Khala apa. Maso anga atha, ako ndi atsopano koma opusa. Aliyense wobweretsa phini, uziitembenuza, ine ndizikuuza choyang'ana."

Anakhala mpaka folo koloko. Pofika masana anali atagwira feki ziwiri za anthu ena, ndipo yachiwiriyo anailengeza mokweza kwambiri moti a Gray anachita kumuponda phazi.

Lolemba chipatala chinaona zachilendo: wokankha mabedi akuyenda wodi ndi wodi, kapepala ka mayina m'manja, kupepesa manesi mmodzimmodzi. Ena anaseka, wina anamulalatira, wina anali atatumiza kale phiniyo kwa mchemwali wake ku Ohio, moti Mervin anachita kukaposita yekha ina yolowa m'malo. Wakhumi ndi mmodzi anamupeza shifiti itatha kale. Potsika anapeza a Gray ataima pakhomo, manja kumbuyo.

"Onse?"

"Onse."

A Gray anakankha chitseko n'kuchigwira mpaka Mervin atatuluka.