Fungo Lomwe Lorna Anakagula ku New York

Aliyense kuno ku Lowville amadziwa kuti Lorna Brubaker anakwatiwa ndi ng'ombe asakuzifuna. Iye ankafuna Merle yekha, mnyamata wamtali wodziwa kuvina, koma Merle anabwera ndi khola lake monga amabwerera amuna onse a kuno. Chikwatiwireni mayiyu ali pankhondo ndi fungo. Majombo a mwamuna salowa m'nyumba ngakhale kuzizire chotani. Zovala za kukhola zili ndi makina akeake ochapira, kugalaja. Kutchalitchi Lorna amakhala benchi lakutsogolo, osati kuti ulaliki umamukoma, koma kuthawa azibambo a kumbuyo amene amabwera atangochoka kokama. Ukamuyandikira umalandiridwa ndi maluwa a m'botolo la kufamase, othira mopanda chisoni. Tikati, "Mwanunkhiratu, Lorna," amayankha kuti ndi sopo chabe. Sopo wanji wotsokomoletsa mpaka woimba limba.

Tsono mwana wawo mmodzi yekhayo, Gwen, anapita kukaphunzira ku New York n'kutolako mwamuna, dzina lake Julian. Amayi ake a Julian, a Cordelia Whitcombe, ndi mayi wamasiye amene thukuta amangolimvera kwa ena. Uthenga utafika woti makolo a Gwen akadye nawo chakudya kuti adziwane, Lorna sanasangalale ayi. Mantha ake anali amodzi: asewere akewo akadzamupsompsona patsaya monga amachitira a mumzinda, adzakweza mphuno, n'kudziwa kuti mpongozi wawo watuluka m'khola.

"Akangomva ndowe basi, mwana wathu adzakhala wopepesa m'banja limenelo mpaka kufa," anauza mwamuna wake ali m'sitima.

"Ng'ombezo ndi zomwe zamuphunzitsa," anatero Merle.

"Zinaphunzitsa, zikomo. Koma sizinaitanidwe."

Gwen anali atamutsina khutu kuti a Cordelia sathira perefyumu wa m'masitolo akuluakulu. Amati ameneyo ndi wa anthu odikira ndege. Iwo amagula m'timasitolo tobisika, momwe munthu mmodzi amapanga timabotolo towerengeka n'kumanyada nato. Ndiye atangotsika sitima, Lorna anakoka Merle mpaka pa kachitseko kakuda kopanda chikwangwani, koti uyambe waliza belu ngati ukukapempha ntchito.

M'katimo munali ngati kuchipatala. Mabotolo onse ofanana, opanda chithunzi cha duwa kapena cha mkazi. Wogulitsa anali bambo wa ndevu zaimvi, wovala zakuda, amene anadzitchula kuti Anselm ndipo ankalankhula motsitsa ngati pali wodwala.

"Mukufuna kuti anthu akakumbukire chiyani mukachoka?" anafunsa.

"Ndikufuna chonunkhira," anatero Lorna.

Bamboyo anatsinzina ngati wapondedwa chala. "Zonunkhira zili kufamase, mayi. Kuno timagulitsa nkhani."

Anayamba kufaira timapepala tating'ono n'kumawapatsa kamodzikamodzi. Perefyumu wina dzina lake Mvula pa Tala. Wina Jekete la Mlendo. Wina ankati ndi nyumba ya mabuku itangopsa. Merle ananunkhiza kamodzi n'kunena kuti, "Ili ndi tayala."

"Muli ndi mphuno, bambo," anatero Anselm, mwaulemu ndithu. Lorna anamutsina mwamunayo m'nthiti.

Mapepala anachuluka m'manja, mutu unayamba kuzungulira. Pomaliza Anselm anatsegula kabati ndi kiyi, n'kutulutsa kabotolo kochepa ngati ka mankhwala a m'maso. Anati muli utomoni wa mtengo wina wa ku Asia wotchedwa udi, wosasungunula. Lorna anayandikiza kapepalako kumphuno. Maluwa ofiira enieni, ngati watsegula chitseko cha munda wa munthu wolemera.

"Ameneyu," anatero.

"Musafulumire. Pepala limanama," anatero Anselm. "Ndikudonthezeni pamkono, mupite mukayende, mukamwe khofi, mubwere dzuwa litapendeka. Perefyumu wotere ali ngati mlendo. Polowa amapereka moni wabwino, khalidwe lake mumaliona atakhazikika."

Apa ndi pomwe zinalakwika. Kwathu kuno wogulitsa akakuuza kuti kaganizeni kaye mubwerenso, ndiye kuti wakuyeza ndi maso n'kuona kuti thumba lako silifika. Lorna anamva kutentha m'makutu. Ndevu zimenezi zaona chiyani pa iye? Nsapato? Kapena zamva kale ng'ombe?

"Sindinabwere kudzayenda ine. Kulungani."

Merle atasuzumira mtengo wake ananong'ona kuti, "Limenelitu ndi thole lathunthu, la miyendo inayi." Lorna anachita ngati sanamve. Anselm anawaperekeza mpaka pakhomo akuchonderera kuti kufaira kamodzi kokha n'kokwanira, ndipo asatikite.

Kamodzi kokha, munthu wagula ndi thole? Kuhotela Lorna anathira monga amathirira wa kufamase uja: m'khosi, m'mikono, kuseri kwa makutu, m'tsitsi, pa mpango. Patapita kanthawi mphuno yake inazolowera, iye n'kuganiza kuti wauluka, nawonjezera.

Anafika kwa a Cordelia kunja kukali kowala, maluwa ali patsogolo ngati apolisi operekeza. Kupsompsonana kunayenda bwino. Mtima wa Gwen unakhala pansi. Anakhala patebulo lalitali, mafoloko ambirimbiri, Julian akufunsa apongozi ake aamuna za nyengo ya kumpoto.

Akumwa supu, maluwa aja anayamba kutsanzika. Pofika nyama anali atapita onse, ndipo mlendo weniweni anakhala pansi.

Woyamba kumva anali Merle. Ananunkhiza mkono wa jekete lake mobisa. Kenako anawerama ngati wagwetsa kansalu, n'kuyang'ana kunsi kwa nsapato zake. Lorna naye anali atamva, ndipo anamuyang'ana mwamunayo ndi diso loti tikaonana kuhotela.

"Munasamba inu?" ananong'ona mano ali chilumire.

"Mpaka khungu kuwawa."

"Nanga izi?"

Merle anapendekera kwa mkazi wake, nakoka mpweya pang'onopang'ono. Nkhope yake inawala ngati ya munthu amene wadikira mlandu umodzi moyo wake wonse.

"Lorna, ndi iweyo."

Linali khola. Osati khola wamba, koma lija la kumapeto kwa chisanu, zitseko zitakhala chitsekere nyengo yonse, udzu utanyowa, ng'ombe zitapumiramo mokwanira. Gwen analizindikira, nagwetsa maso m'mbale. Lorna anaona ukwati wa mwana wake ukutsetsereka patebulo paja ngati mbale yopita pansi.

A Cordelia anaika foloko pansi. Anatsinzina, mphuno m'mwamba, n'kudzuka. Anazungulira tebulo lonse osafulumira, mpaka anaima kumbuyo kwa Lorna, nawerama n'kulowetsa mphuno m'khosi mwake. Lorna anapemphera kuti nyumbayo igwe.

"Udi weniweni," anatero a Cordelia. "Wosathira shuga. Julian, bwera udzamve. Ukumva chinyama chakecho? Udzu wonyowa, chikopa, kenako pansi pake pali kaja, kaja..."

"Ndowe," anawathandiza Merle.

"Ife timati kuya kwake, Merle." Anabwerera pampando akupukusa mutu. "Akazi ambiri amamuopa ameneyu. Ine ndemwe ndinamubweza kawiri, ndilibe chiwindi chake. Ndikuuzeni zoona, Lorna, musakhumudwe. Gwen atati kwawo ndi kumafamu, ndinkaopa kuti mubwera mutasamba maluwa a kufamase aja, monga amachitira amayi a kumidzi. Mukuwadziwa."

"Ndikuwadziwa," anatero Lorna. "Amatsokomoletsa tchalitchi chonse."

Anaseka awiriwo mpaka kugwirana manja. Potsanzikana a Cordelia anamukumbatira Gwen n'kumutcha mwana wanga, kenako anatembenukira kwa Lorna. "Paukwati mudzathire yemweyu. Anzanga onse akuyenera kukumvani."

Lamulungu lotsatira Lorna analowa m'tchalitchi muno atathira thole lake, mutu uli m'mwamba, kudikira kuti wina afunse. Palibe anatembenuka. Azibambo a kumbuyo anangomugwedezera mutu ngati mnzawo. Potuluka, Verna Zehr, amene pakamwa pake sipakhala chitseko, anamugwira dzanja.

"Lorna, wayamba kuthandiza kokama? Zaka zonsezi. Mulungu sachedwa."

Lorna anatsegula pakamwa kuti afotokoze za Asia ndi mtengo wake, koma anaona kuti kumuuza Verna kuti fungo limeneli anachita kugula ndiye kudzipereka yekha kwa afisi. Anangoti, "Mwa apo ndi apo."

Vuto linali kabotolo. Kanali kochepa kale, ndipo theka linathera kuhotela kuja. Zokonzekera ukwati zinachuluka, kukayesa diresi, kukalawa keke, ndipo ulendo uliwonse a Cordelia ankayamba ndi khosi la Lorna asanapereke moni. Ukwati usanafike kabotolo kanauma gwa. Lorna anaimbira Anselm, yemwe anayankha monyadira kuti wopanga wake sabwereza. Mtengo wa ku Asia uja unali umodzi, unatha, nkhani inathera pomwepo.

"Ndikupatseni wa maluwa?" anafunsa.

Lorna anadula foni.

Sabata yaukwati, Merle akulowa m'khola kukakama anapeza mpango wasilika uli lende pa msomali, pamwamba pa mathole. Akuti anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kukaima pazenera la kukhitchini, poti ndi majombo sakanalowa.

"Mayi, kukhola kwabwera mlendo wasilika."

"Musaukhudze."

"Sindinaukhudze. Ndimati ndingokuuza kuti wapachika polakwika. Mathole fungo lawo ndi la mkaka, losakhwima. Ngati ukufuna kuya kwake, ndi kwa ng'ombe zokalamba zija za pakona."

Lorna anapitiriza kutsuka kapu yomwe inali yoyera kale. Kenako, osatembenuka, anati, "Ndiye mukuimiranji? Kausuntheni."

Paukwati a Cordelia anafika ndi gulu la anzawo, onse ovala zakuda ngati alakwitsa mwambo, n'kuwandandalika pamzere kuti anunkhize asewere awo. Mmodzi anagwira pamtima. Wina anati akumva nkhalango ya ku Asia mvula itangokata. A Cordelia anati udi wakhwimira m'botolo, tsopano wafika pomwe umafunika, ndipo anauza aliyense kuti Gwen anachokera m'banja la anthu odziwa zinthu. Ife a kuno tinali pomwepo ndi mbale zathu m'manja, sitinamve kanthu kachilendo, koma tinakhala chete poti mwana ndi wathu.

Phwando likutha a Cordelia anamukokera Lorna pambali. Anselm akuti udi uja watha, iwo afunsa m'masitolo onse. Sangawagawireko timadontho tokha?

"Botolo silichoka m'nyumba," anatero Lorna. "Koma nditumizireni mpango wanu, ndikakuthirirani."

Pa msomali wa pakona paja tsopano pali mipango inayi, ndipo wina wa ubweya wafika dzana kuchokera kwa mnzawo wa a Cordelia. Merle akuti akhomerapo msomali wachiwiri.