Injini ya Makina Akale

Makina akale a abambo, osemera miyendo ya mipando, analibe injini. Injini yake anali amayi. Ankakhala pa chishalo cha njinga yakutha m'shedi ya kuseri kwa nyumba n'kumapalasa, lamba n'kumazungulitsa mtengo, abambo akusema ndi tchizulo. Kuyambira ndili kumsana mpaka kukwatiwa kwanga, amayi ankapalasa njinga yosapita kulikonse, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Akatopa, abambo sankacheuka n'komwe. Ankangoti, "Magetsi athima kodi?"

Chaka chatha abambo anagula makina amagetsi, ndipo anaitana anansi kuti adzaone. Atadina batani, mtengo unazungulira wokha, anthu n'kuwomba m'manja.

"Awa ndiye makina," anatero abambo. "Sadandaula msana, safunsa kuti tiweruka liti."

Anthu anaseka. Amayi nawonso anaseka atatsamira khoma, poti masiku ano mawondo awo sawalola kuima pawokha nthawi yaitali.

Kenako abambo anapita pa makina akale aja. Anawapukuta fumbi, kuwathira oyilo, kuwafunditsa nsalu. "Chitsulo ichi chalera ana anga," anatero. "Sindingachitaye ayi. Munthu uzidziwa kuthokoza."

Ine ndinayang'ana amayi. Anali akuwerama pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili pabondo, kutola makapu amene alendo anasiya pansi. Mawondo amenewo palibe anawathirapo oyilo.