Manda a Fabiano tinakumba kawiri

Ndinauka kukali mdima, msana ukuwawa chifukwa chogona pa benchi pafupi ndi moto. Azimayi m'nyumba anali atatopa kuimba, kunatsala mawu a mmodzi chabe. Kuseli kwa khola ena anali atayamba kale kusonkha moto pa madiramu a madzi. Tinali kuika mng'ono wanga Fabiano.

Fabiano anamugwira pa nkhani ya ng'ombe imene sanaione n'komwe. Anapita naye ku Lusaka, ku rimandi, ati ayembekeze khoti. Mvula inagwa, inatha, inagwanso, iye akali kuyembekeza. Tsiku lina motoka ilibe mafuta, tsiku lina mboni sinabwere. Pothera pake anangomuuza kuti pita, ulibe mlandu. Anabwera ndi chifuwa, ataonda ngati phesi. Chimanga chimene anatipeza tikubzala sanakolole nafe. Ndikamba poyera, ofuna kukwiya akwiye.

Kutayera ndinapita kumanda kukaona okumba. Ndinapeza dzenje lafika m'chiuno. Akuluakulu anali atawalozera pakati pa manda a amayi ndi a amalume, kampata kakang'ono, kakuti bokosi lilowe likukhula uku ndi uku. Mutu unandiwira.

"Lekani. Munthu anam'panikiza ali moyo, inu mufuna mum'panikizenso atafa?"

Ndinaloza kumapeto kwa manda, pansi pa msuku, pamene palibe munthu. Akuluakulu anakana. Ati mwana agona pafupi ndi amake, ati dzenje lokumbidwa silisiyidwa lopanda kanthu chifukwa limaitana wina, ati akatekisiti afika manje manje, ati ona mitambo. Okumba nawo anati pa msukupo ndi miyala yokhayokha, nakhala pansi. Ndinatenga piki ndekha. Kumenya koyamba inadumpha, pang'ono indidule chala. Ena anayamba kuseka.

Pamenepo ndi pamene anatulukira amuna anayi ochokera ku msewu, fumbi mpaka m'mawondo. Palibe anawadziwa. Wamfupi wopanda mano akutsogolo anabwera molunjika kwa ine, ati sanafunse njira, anangotsata phokoso, chifukwa Fabiano anali kuwauza kuti ali ndi mkulu wake amene akakwiya amamveka mpaka kutali ku Chinyunyu. Anali a selo imodzi ndi mng'ono wanga.

Wamfupiyo anali Mubemba. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, pa maliro amatinyoza mmene afunira ndipo sitikwiya. Atamva mkangano anatapa dothi, nandipaka kumaso, nauza akuluakulu kuti dzenje loyambalo si vuto. "Ikanimo uyu, munzi upumule." Mdala amene anali kukana kwambiri anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati paja thunthu la nthochi limalowa m'malo mwa munthu. Anatuma anthu kukadula.

Alendowo anavula mashati. Nthiti poyera, zipsera za mphere thupi lonse, koma piki anaidziwa. Anali kukumba akusimba. Ati selo inadzaza mwakuti munthu sugona chagada. Mugona cham'mbali, chifuwa chako pa msana wa mnzako, ndipo kutembenuka mutembenuka onse pamodzi kapitawo akaitana. Wobwera kumene agona chokhala, pafupi ndi chimbudzi. Mmodzi akatsokomola, selo yonse itsokomola. Kudya kamodzi, nyemba za anankafumbwe, ati ndiyo inali nyama yawo. Iwo anali kuseka posimba. Ine ndinali kumenya mwala ngati ndi mutu wa munthu.

Okumba athu anachita manyazi, mmodzi mmodzi ananyamuka. Dzuwa lisanafike pamutu dzenje linatha, lalikulu ngati la anthu awiri. Mubemba analumphiramo, nagona chagada, natambasula manja. Sanakhudze chipupa. Anati, "Iyi ni loji yogonamo balendo, bakamba. Apa azazitembenuka yeka, kulibe kapitawo."

Kunyumba tinapeza anthu adzaza. Njinga zatsamira pa mitengo yonse, kwaya ya ku Mpanshya yafika, azimayi akupakula. Alendo analowa kukapepesa mlamu wanga, mkazi wa malemu. Mubemba anagwada bwinobwino, anthu n'kuyesa kuti manje akamba zaulemu. Iye anati anali kugona kumbuyo kwa Fabiano nthawi yonseyo. "Mulamu, musana wa bamuna banu niuziba kuchila imwe." Mlamu, amene sanatsegule pakamwa chiyambireni maliro, anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Azimayi ena anam'thamangitsa Mubembayo ndi mthiko.

Bokosi ananyamula iwo anayi. Linali lopepuka, zimenezo aliyense anaziona. Kamvula kanawaza tili m'njira, kanaleka. Akatekisiti anandinong'oneza kuti ndikambe mwachidule ndipo ndisatukwane. Sindinatukwane. Ndinati ku rimandi kuja mukali anthu, ana a anthu, ena sanaonepo nkhope ya woweruza. Wolakwa muweruzeni, wosalakwa mutulutseni, koma pamene ali m'manja mwanu agone ngati munthu. Nkhumba zanga zili ndi malo. Akatekisiti anayang'ana pansi, koma ameni anayankha.

Tinam'tsitsa pakatikati, uku malo, uku malo. Nthochi nayo inakwiriridwa m'dzenje loyamba lija, kwa amayi.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala phulusa, mabenchi ndi agalu. Alendo anachedwa minibasi, ndiye ndinawayalira m'nyumba mwanga, aliyense mphasa yake. Pamene ndinagwira chitseko kuti nditseke, mmodzi wa iwo, wamtali, anadzuka msanga nandigwira mkono.

"Bakamba, musatseke."

Ndinatenga njerwa, ndinatchinga chitseko chikhale chotsegula. Mkazi wanga anayamba kudandaula za udzudzu. Ndinamuuza kuti udzudzuwo ulume.