Lamlungu Limene Mahedifoni Anakana

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Fomu 1, chaka chimene Baba anamvanso mawu a mlongo wawo. Tinkakhala ku Chipadze, m'tauni ya Bindura, m'nyumba yoyang'ana msewu wafumbi wopita kubwalo la mpira. Baba anali atapuma pantchito kumgodi, kumene anagwira makina obowola miyala kwa zaka zambirimbiri. Makinawo anawadya makutu. Lamanzere linali litaferatu, lamanja linkangotola mawu ofuula. Tikafuna kuyankhula nawo tinkaima kutsogolo kwawo kuti aziona milomo yathu.

Anachoka kwawo ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwererekonso. Ankadzitcha okha mtchona, uku akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Kumudziko anasiya mayi awo ndi mlongo wawo wamng'ono, Elube, amene ankati anamusiya mano akutsogolo atangoguluka. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, yemwe ankapita ku Malawi kukaoda zitenje, ndiye anafunsafunsa mpaka anaupeza mudziwo. Anabwerako ndi uthenga woti agogo anamwalira kalekale, komanso kapepala ka nambala ya foni ya mdzukulu wa azakhali a Elube.

Tsiku loyamba kuimba sizinayende. Baba anakanikiza foni kukhutu mpaka tsaya linachita mzere, akungoti, “Halo? Elube? Halo?” Sanamve ngakhale liwu limodzi. Achimwene anga a Lovemore, amene ankagulitsa mafoni ku Harare, atamva zimenezi anabwera ndi mahedifoni opanda waya, ofiira, akuluakulu ophimba khutu lonse. Amayi za mafoni sankazikonda, ndiye a Lovemore anaphunzitsa ine.

“Udine kabataniaka osasiya mpaka kanyali kayambe kuphethira. Ukatero utsegule bulutufu pafoni ya Baba, udikire dzina la mahedifoni litulukire, ulidine. Ukamva mawu achizungu mkatimu, zatheka.”

Anandisiyiranso laputopu yawo yakale kuti indithandize za kusukulu, ndipo anandilola kumamvera nyimbo pa mahedifoniwo mkati mwa sabata. Koma anandichenjeza.

“Awa amagwira chinthu chimodzi basi. Ukawalumikiza ku laputopu n'kuisiya yoyaka, athamangira komweko. Foni ya Baba siwapeza, ngakhale ufufuze mpaka mawa.”

Lamlungu limene tinayesa mahedifoniwo koyamba sindidzaliiwala. Netiweki inkagwira bwino pakhonde pokha, ndiye Baba anakhala pamenepo, pa mpando wawo wachitsulo, asanavule jekete ya kutchalitchi. Ndinawaveka mahedifoni n'kukweza mawu mpaka pomaliza. Anangoti maso tong'o, dzanja lili m'malere. Kenaka anafuula.

“Elube! Ndiwe? Iwe, mawu ako akalamba bwanji!”

Anaseka misozi ikutsika, osaipukuta. Amayi anaimirira pakhomo atagwira pakamwa.

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse madzulo inali nthawi yawo. Mdzukulu uja ankawasiyira azakhali foni, ine n'kulumikiza kuno. Baba ankafunsa za mitengo, za kamtsinje, za anthu amene pafupifupi onse anali kumanda. Nthawi zina ankaimba limodzi kanyimbo ka paubwana wawo, Baba akuomba bondo. Munthu wogontha samva mawu ake omwe, choncho zonsezi ankazichita mofuula, msewu wonse ukumva.

Apo ndiye panayambira vuto langa. Kusukulu ndinkayankhula Chishona chosalala, ndipo dzina langa loti Chisomo ndinali nditalitembenuza ndekha kukhala Nyasha. Chichewa ndinkachimva patalipatali, cha kutumidwa ndi kukalipiridwa, koma kuyankhula ndinkachita nacho manyazi. Lolemba lina ndikulowa m'kalasi, mnyamata wina dzina lake Tinashe, amene ankadutsa kwathu popita kumpira, anaphimba makutu ndi manja ake n'kufuula.

“Erube! Erube! Ndiwe?”

Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Wina kumbuyo anati, “Nhai Nyasha, saka uri mubhurandaya?” Mubhurandaya ndi mawu amene ankanyozera nawo anthu ochokera ku Malawi. Sabata yonseyo ndikadutsa pamene pali gulu, wina ankaimba kanyimbo ka Baba kaja mopotoza, akuomba bondo. Ndinkadyera chakudya changa kuseri kwa zimbudzi.

Lamlungu lotsatira kunali mpira waukulu kubwalo, ndipo ndinkadziwa kuti theka la kalasi yathu lidutsa pamsewu. Titabwera kutchalitchi ndinalowa kuchipinda, ndinayatsa laputopu, ndinatsegula bulutufu yake, n'kuikankhira pansi pa bedi isanatsekeke. Sindinaganize kuti ndikuchita choipa chachikulu. Ndinkati ndingopumako Lamlungu limodzi.

Pakhonde ndinangodina kabatani kamodzi. Ndinamva mawu achizungu aja akutuluka m'manja mwanga, kusonyeza kuti mahedifoni agwira laputopu. Baba sakanawamva. Ndinawaonetsa foni yawo, kachizindikiro kakungozungulira osapeza kanthu.

“Onani, Baba, akukana lero.”

“Tayesanso, mwana wanga.”

Ndinayesanso, mwa bodza lomwelo. Foni inalira. Baba anaikanikiza kukhutu lamanja, anatseka maso, anapendeketsa mutu. Kenaka anandipatsa.

“Tamvera iwe, uzindiuza.”

Zimenezo sindinaziganizire. Mawu a azakhali anali otsika tsiku limenelo, odukaduka ndi chifuwa. Anandifunsa ngati ndine Chisomo, ndinavomera. Anati, “Uwauze achimwene zimene ndikuuzezi, usasiyeko.” Ndiyeno anayankhula nthawi yaitali, Chichewa cha kumudzi chimene sindinali nditachimvapo. Ndinatolapo mawu ochepa chabe. Ndinamva “amayi”, ndinamva “tsiku lomwalira”, ndinamva dzina la Baba la paubwana katatu. Maso anga anali kumsewu, kumene anyamata anali atayamba kudutsa m'magulu. Ndinkangoti eya, eya, motsitsa mawu, kuti zithe msanga.

Baba ankayang'ana milomo yanga. “Akuti chiyani?”

“Akuti ali bwino. Akupereka moni.”

“Nthawi yonseyi moni yekha?”

“Akuti mudzayankhulana sabata yamawa.”

Anagwedeza mutu, n'kupinda manja pamimba. “Chabwino. Uwauze a Lovemore akonze zinthuzi.” Tinashe anadutsa ndi anzake, anayang'ana pakhonde, sanapezepo choseka. Ndikuvomera kuti panthawiyo mtima wanga unakhala pansi.

Lachinayi m'mawa, ndikuvala yunifolomu, foni ya Baba inalira. Anali mdzukulu uja. Amayi ndiwo anayankha, ndipo ndinawaona akukhala pansi pang'onopang'ono, pasimenti penipeni. Kenaka anapita kukaima kutsogolo kwa Baba, nayankhula mokweza, chifukwa panalibe njira ina youzira munthu wotero. Uthenga umene anthu amanong'ona, Baba anaulandira mofuuliridwa. Azakhali a Elube anali atamwalira mbandakucha.

Kumaliro sanapite. Analibe pasipoti, ndipo mapepala ake sakanatheka masiku awiri. Anthu a kutchalitchi ndi anzawo akale a kumgodi anabwera kudzakhala nafe, tinatulutsa mipando panja monga mwa maliro, koma m'nyumba munalibe bokosi. Baba anapempha Amayi kuti afunse mdzukulu uja ngati agogo ake anasiya mawu ena. Mnyamatayo anati Lamlungu lija anangowasiyira foni n'kuchoka. Anangokumbukira kuti m'mawa wa tsikulo agogo akewo anamuuza kuti asaiwale kutchaja foni, chifukwa pali zimene amayi awo ananena pomwalira zokhudza achimwene, ndipo anali atazisunga mumtima nthawi yaitali.

Baba atamva anatembenukira kwa ine, anthu ali pomwepo.

“Chisomo, takumbukira bwino. Sanatchule za amayi?”

“Anatchula, Baba.”

“Anati chiyani?”

“Sindinamvetse.”

Sanandikalipire. Anangoti, “Si mlandu wako. Ndine amene sindinakuphunzitse.” Mawu amenewo anandipweteka kuposa mkwapulo uliwonse.

A Lovemore anafika Loweruka. Atapepesa Baba analowa kuchipinda kwanga kuti aone chimene chinavuta. Anayatsa laputopu, anadina kabatani ka mahedifoni, pomwepo mawu achizungu aja anamveka. Anazimitsa bulutufu ya laputopu, anatenga foni ya Baba, ndipo isanathe mphindi imodzi zinali zitagwirana. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Unaiwala, kapena unachita dala?”

Anakhala pabedi n'kugwira mutu.

“Ine sindikanena. Katundu ameneyu ndi wako. Ukawauze wekha.”

M'mawa mwake ndinawapeza Baba kuseri kwa nyumba akuthirira ndiwo zamasamba ndi chitini chobowola. Dothi linkanunkhira chinyezi. Ndinaima kumbuyo kwawo, mbali ya khutu lakufa lija, ndipo ndinanena zonse: za Tinashe, za laputopu pansi pa bedi, za moni wabodza. Ndinanena m'Chishona, ndikulira, maso ali pansi. Nditamaliza anatembenuka, anadzidzimuka pondiona, naika dzanja kukhutu.

“Wati chiyani, mwana wanga?”

Ndinali ndi mpata. Ndikanangoima kutsogolo kwawo n'kukweza mawu. Koma ndinaona maso awo otupa, ndi mmene anandiyang'anira mwachifundo poganiza kuti ndikulirira azakhali.

“Ndati tiyi wapsa, Baba.”

Anakhala ndi moyo zaka zina zinayi. Mahedifoni sanawavalenso, ankati alibe womumvera. Nthawi ndi nthawi, tili awiri, ankandifunsa mofatsa ngati pali liwu lina limene labwerera m'mutu mwanga. Kangapo ndinatsala pang'ono kupeka, kuwauza kuti agogo anawakhululukira, kuti anafa akuwadalitsa. Sindinathe, chifukwa sindinkadziwa ngati zinali choncho. Choona chenichenicho sindinawauzenso. Ndinkati ndidzanena ndikadzakula pang'ono, ndikadzamaliza mayeso, akadzachira chifuwa chawo. Tinawaika m'manda a m'tauni momwemo ndisananene.

Chichewa chimene ndikulemba panochi ndinachiphunzira ndili wamkulu, kwa amayi achikulire a kutchalitchi kwathu, amene poyamba ankadabwa kuti mtsikana wophunzira akuchifuniranji. Lero ndikanamva liwu lililonse la azakhali. Koma munthu sasunga mawu amene sanawamvetse, amangodutsa ngati mphepo.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti cholakwa changa chinali cha pakhonde paja. Tsopano ndikuona kuti cha pakhonde anachita ndi mwana wamantha, amene sankadziwa kuti Lamlungu lina silidzabwera. Chimene chimandilemera kwambiri ndi cha kuseri kwa nyumba. Ndinasankha ndekha mbali yoima. Ndinkafuna kupepukidwa mtima popanda Baba kumva, ndipo kumeneko sikupepesa. Baba anali munthu wokhululuka, ndikukhulupirira kuti akanandikhululukira, mwina tsiku lomwelo. Koma anapita akudziimba mlandu woti sanamuphunzitse mwana wawo chiyankhulo, ndipo ine, amene ndikanawatula mlanduwo, ndinawasiya aunyamule mpaka kumanda.