Windo Lachikasu la Mayi Ok

Mayi Ok Mal-sun anapukuta mawindo a nyumba ina ya kafukufuku mumzinda wa Daejeon kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Anali aafupi, a manja okhakhala, ndipo sukulu anaisiyira panjira kuti mchimwene wawo aphunzire. Ulemu wawo wonse unali m'ndowa, m'nsanza ndi m'kalumo kopalira.

M'mawa wina m'chilimwe anapeza windo la pansanjika yachitatu litachita chikasu ngati mano a munthu wosuta fodya.

"Anthu ophunzirawa maso anawasiya m'mabuku eti?" anang'ung'udza, n'kuyamba kupala mpaka galasi linayera kuti mbee.

Chikasucho chinali mankhwala amene Dokotala Pyo, katswiri wa kafukufuku pamalopo, anavutika nawo miyezi isanu ndi itatu. Ankafuna kuti dzuwa likaswa mtengo, galasi lizibweza kutentha, kukazizira lizikulowetsa, anthu asamathere magetsi pa makina oziziritsa m'nyumba. Chenjezo analimata ndithu, koma m'Chingerezi, chimene Mayi Ok sankachidziwa. Nzeru zikachuluka, munthu amaiwala kuti m'nyumbamo mumayendanso ena.

Atamva zimene anachita, Mayi Ok sanadye masiku awiri. Ntchito yokhayo imene ankaidziwa inali itawathera m'manja, ndipo manyazi anawapweteka kuposa njala. Tsiku lachitatu anavala malaya awo opitira ku maukwati, ananyamula bokosi la makeke a mpunga ndi kalata yosiya ntchito imene mnansi anawalembera, n'kukawerama pakhomo la ofesi mpaka msana kulira.

"Azakhali, weramukani, mukundichititsa manyazi," anatero Dokotala Pyo. "Tandiuzani, munapala nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi khumi, bambo."

Adokotala anagwira mutu wawo wadaziwo, kenaka anaseka mpaka misozi.

"Ine miyezi isanu ndi itatu, inu mphindi khumi! Ndiye m'nyumba ya munthu galasi limeneli likanatha sabata?"

Makeke analandira. Kalata anaibweza ndi manja awiri.

Kuyambira pamenepo, galasi lililonse latsopano linkayamba ladutsa m'manja mwa Mayi Ok kuti ayese kulipala, ndipo iwo sankalinyengerera.

"Aka n'kakhanda, adokotala, kabwezeni kakayamwe."

"Inu azakhali, manja anuwo ndi a munthu koma?"

Mayi Ok ankapambana nthawi zonse, koma mumtima ankalakalaka atagonja. Kwawo kunali kachipinda ka padenga, mmene mwezi wa Ogasiti kandulo ankapindika yekha. Malemu amuna awo anadwalira mmenemo, iwo akuwakupiza ndi katoni. Kutentha ankakudziwa bwino kuposa makina onse a adokotala.

Patapita zaka zinayi, sabata yoti apume pantchito, adokotala anawabweretsera galasi lina. Anathira viniga, anakwecha ndi waya, anatulutsa kalumo kaja. Thukuta linali kamukamu, mkono unachita dzanzi, koma chikasu chinangoti phee pamalo pake. Anayesanso kachiwiri, poopa kuti mwina ndi ukalamba wawafooketsa. Osatheka.

Anaika kalumo pansi. Anakoka mkono wa malaya, n'kulipukuta galasilo pang'onopang'ono ngati nkhope ya mwana wodwala.

"Adokotala," anatero, "ili ndiye ndi loyera."

Dokotala Pyo anawerama pamaso pawo, kutsika kuposa mmene mayiwo anawaweramira tsiku lija, ndipo anachedwa kuweramuka.